Alovera wa M'chitini cha Penti

Amayi pochoka pakhomo pathu anatenga mbale, makatani ndi makina awo osokera, koma alovera anamusiya. Chitini chake chinali cholemera, komanso kumene ankapitako kunali kachipinda kamodzi ka lendi kopanda ngakhale khonde. Anandiitanira pakona ya khonde pamene pankakhala chitinicho n'kundigwira paphewa.

"Undisungire uyu. Ndikapeza malo abwino ndidzabwera kudzakutengani nonse awiri."

Ine kuyankha kumandivuta kuyambira kale, n'chifukwa chake kusukulu ankanditchula kuti Namanyazi. Ndinangogwedeza mutu, iwo n'kukwera galimoto imene inanyamula katundu wawo.

Alovera ameneyu anali m'chitini chachikulu cha penti chimene amayi anachiboola pansi ndi msomali. Masamba ake anali onenepa ngati mkono wa khanda, aminga ing'onoing'ono m'mbali. Ndinakulira pa iyeyu. Nditapsa ndi simbi pamkono, amayi anandipaka iyeyu, ululu n'kuzizira. M'mutu mukamandiyabwa, iyeyu. Ziphuphu zitayamba kundituluka, iyeyunso. Anandiphunzitsa kudula tsamba lakunja, lapansi kwambiri, lokhwima, osati la pakati. Ukadula umaliimika m'kapu kuti madzi ake achikasu atsike kaye, chifukwa madzi amenewo ndi owawa, amayabwa pakhungu, ndipo ukawameza amatsegula m'mimba. Akatha kudontha m'pamene umasenga minga, n'kuling'amba pakati, n'kupala zoterera zoyera zija.

Za kuthirira ankanena kawirikawiri. "Uzilowetsa chala m'dothi. Ngati chatuluka ndi chinyezi, musiye. Uyu sakonda kumusasatitsa. Ali ngati iweyo."

Chaka chisanathe adadi anabweretsa mkazi wina. Anandiuza kuti ndiziwaitana amayi, koma pakamwa panga panakana, ndiye ndinkangoti anti. Iwo sanandikhululukire zimenezo. Adadi amayendetsa galimoto yaikulu ya katundu, akachoka amakhalitsa, choncho nyumba inali ya anti ndi ine. Pabalaza anapasandutsa saluni. Anapachika galasi lalitali pamene pankakhala chithunzi cha ukwati wa makolo anga, pakhonde n'kuikapo benchi yodikirirapo makasitomala. Nyumba yonse inkanunkha mankhwala owongolera tsitsi, ndipo tsitsi unkalipeza ngakhale mu shuga.

Ine n'kuti nditangolemba mayeso omaliza, ndikudikira zotsatira. Ndinalibe kopita. Ndinkasesa tsitsi, kuchapa mataulo, kenako n'kukakhala pafupi ndi chitini changa.

"Tawaonani a Pulofesa," anti ankatero chipeso chili m'manja. "Anzawo akamaliza sukulu amafuna ntchito, awa akuweta minga."

Tsiku lina mayi wa pagolosale, amene ankabwera kudzalukitsa, anandiikira kumbuyo pang'ono. "Komatu ndi mankhwala amenewo, asisi. Wanga wamng'ono uja atapsa ndi tiyi tinamupaka omwewa."

"Mankhwala?" anatero anti. "Akanakhala mankhwala bwenzi nkhope iyi ili chonchi? Iwe, tadzutsa mutu akuone. Mwaona? Ngati khoma loti amisiri analithawa asanamalize. Tsiku ndi tsiku kudzola mamina a chomera, koma ayi ndithu."

Pabenchi ponse anaseka. Wina anachita kugwetsa foni.

Ndinene zoona, ndinkadana nawo. Sindinkadziwa kuti munthu wofatsa angadane ndi mnzake mpaka kumva kutentha m'makutu. Ndikalowa kubafa ndinkawayankha bwinobwino, mawu akuthwa, otsatana bwino, moti sopo akanakhala ndi makutu akanandiombera m'manja. Koma ndikatuluka n'kukumana nawo pakhomo, zonse zinkathera pakhosi.

Chodabwitsa n'chakuti minga yomweyo ankaifuna. M'mawa wina ndinapeza masamba a pakati, anthete aja, atadulidwa ndi sizasi, zotsalira zake zikudontha. Dzulo lake mtsikana wina anali atapsa m'mutu ndi mankhwala owongolera tsitsi, chifukwa anti anatanganidwa ndi nkhani n'kuchedwa kumutsuka. Ndiye anathamangira kwa alovera wanga. Anangong'amba tsamba n'kumupaka pomwepo ndi madzi achikasu omwe, mtsikanayo n'kumalira kuti kuyabwa kwawonjezeka.

"Anti," ndinayesa, "mukafuna muzidula la pansi. La pakati ndi mtima wake."

"Ati chiyani? Kweza mawu, sindimva za m'mphuno."

"Ndimati la pakati..."

"Pakhomo panga pano undiuze podula? Uli ndi mwayi kuti sindinachitaye chitini chonsecho. Pakona pamenepo ndikufuna kuikapo chowumitsira tsitsi."

Sanachitaye, mwina poopa adadi. Anapeza njira ina.

Eni nyumba anali ataletsa kutaya madzi a saluni pabwalo, ati ankachititsa matope ndipo tsitsi linkamatirira kumapazi a anthu. Ngalande ili kuseri kwa nyumba, ndipo kuti ukafike umazungulira ndi beseni. Anti anaona kuti chitini chili pafupi. Akatsuka mutu wa munthu, beseni lonse khuthu, mwa alovera. Thovu, mankhwala, tsitsi, zonse. Kasitomala wina akakhala pampando, beseni linanso.

"Ndakuthiririrani maluwa anu, a Pulofesa. Musavutike kuthokoza."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa chimene ankachita. Nthawi zina ndimati ankadziwa, chifukwa ankandiyang'ana m'maso akamakhuthula. Nthawi zina ndimati unali ulesi chabe wosakaniza ndi chipongwe. Ndinayamba kumathamangira beseni kuti ndikataye ndekha kungalande, koma akandituma kumsika kapena kukagula ulusi wolukira, pobwera ndinkapeza thovu lili phuliphuli pamwamba pa dothi. Ndinavindikira ndi katoni, anaichotsa. Ndinayesa kukoka chitini kuti ndichipititse kuseri, koma ndi madzi aja chinali chitalemera ngati mwala, ndipo anti anandikalipira kuti ndikukanda simenti ya eni ake.

Masamba anayamba kufewa. Amene ankaloza kumwamba anagona m'mbali mwa chitini ngati makutu a galu wodwala. Mtundu unasintha, kuchoka kobiriwira kupita kotuwa, m'munsi mwake mukuda. Nditagwira tsinde linagwedera ngati dzino la mwana. Ndipo fungo lake, ngati nsanza yoiwalika m'ndowa.

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuwaimbira amayi. Kumene anali kunali phokoso la makina.

"Amayi, alovera akuwola."

"Wamuthirira kwambiri iwe?"

Sindinafune kutchula anti. Ndinangoti, "Madzi anachuluka."

"Muzule lero lomwe. Utenge mpeni, udule zowola zonse mpaka ufike poyera, usamumvere chisoni. Ukatero usamubzale. Umugoneke pamthunzi, pouma, bala lija liume lichite nkhanambo. Ukamubzala bala lili laliwisi, wapita. Ndipo ukadzabzala, mchenga wambiri, madzi ayi. Wamva?"

"Ndamva. Amayi, mubwera liti?"

"Ndili pantchito mwanawe, tidzakamba."

Ndinachita monga ananenera. Pomuzula sanalimbe n'komwe. Mizu inali itasanduka zingwe zakuda zoterera, zikusalira m'manja. Ndinadula tsinde pang'onopang'ono, kagawo ndi kagawo, mpaka pamene mpeni unakumana ndi polimba, poyera. Ndinachotsa masamba onse ofewa. Chimene chinatsala chinali chochititsa manyazi: kamutu ka masamba ochepa, kopanda muzu ngakhale umodzi. Ndinayala thumba pakona pomwepo n'kumugoneka. Ana ake awiri amene anaphuka m'mbali anali atawoleratu, amenewo ndinataya pamodzi ndi dothi lonunkha lija.

Anti anaona zonse ataima pakhomo, chipeso atachiluma.

"Eee, koma Mulungu amayankha. Wachita wekha? Ukamaliza usese, mawa ndiikepo makina anga."

Mawa lake ndinadzuka ndi maganizo a mchenga. Kumapeto kwa msewu wathu akumanga nyumba, ndiye nditamaliza kuchapa mataulo ndinatenga kathumba n'kupita kukapempha kwa amisiri. Zinanditengera nthawi, chifukwa ndinayamba ndaima kaye patali kuyeserera mawu opemphera. Mmodzi anandiona n'kundifunsa yekha, n'kundidzazira.

Pobwerera, ndisanafike pageti, ndinaona galimoto ya adadi itaima m'mbali mwa msewu. Kenako ndinamva mawu awo. Adadi sakweza mawu. Ngakhale pamene ukwati wawo ndi amayi unkatha, zinathera m'manong'onong'o. Koma tsiku limeneli ankamveka mpaka kwa aneba.

"Chinthu chimodzi! Chimodzi chokha chimene mwanayu watsala nacho cha mayi ake, iwe n'kuzula, n'kudula mizu, n'kuchitaya pansi ngati zinyalala?"

"Ndakuuzani kuti si ine! Bambo inu, mwamwa?"

"Galasi unapachika ndinakhala chete. Pabalaza unatenga ndinakhala chete. Ukuganiza kuti sindiona mmene mwanayu akuonderamu?"

Ndinalowa pageti thumba la mchenga lili pamutu. Pabenchi panali mayi wa pagolosale, ndi mayi wina mutu utalukidwa mbali imodzi, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Palibe amene ankaseka. Anti anali pakhomo, manja ali m'chiuno.

Kenako ndinayang'ana pakona.

Adadi anali atamubzala alovera uja. Anakatapa dothi lakuda la pafupi ndi mpopi, lija silimauma, n'kudzaza chitini, n'kumukwirira mpaka m'khosi, n'kutsindira bwinobwino ndi manja. Malaya awo a kuntchito anali matope okhaokha. M'dzanja anali ndi ndowa yopanda kanthu, ndipo madzi anali ataima pamwamba pa dothi, ena akutuluka m'mabowo a pansi n'kumayenderera pasimenti.

"Uyo wabwera," anatero anti. "Mufunseni mwana wanuyo. Mufunseni!"

"Ndimufunse chiyani? Mwana angazule chinthu cha mayi ake? Tamvera, ngati pakhomo pano pakuchepera, benchi iyi, galasi ilo, zonse zituluke lero. Saluni ukatsegulire kwina."

Anatembenukira kwa ine. Nkhope yawo inafewa mwa mtundu umene ndinali nditauiwala. Ananditula thumba lija pamutu osafunsa n'komwe kuti muli chiyani.

"Mami, usaope. Ndamubzalanso, wamva? Ndamuthirira bwinobwino, achira. Tangondiuza pamaso pa anthu onsewa. Anazula ndani?"

Anali asananditchule kuti mami kuyambira pamene amayi anachoka.

Apa m'pamene ndimachita manyazi kufotokoza, koma ndinena. Ndinasangalala. Ndinaona anti atachepa, maso ali pa ine, akudikira pakamwa pamene ankapaseka tsiku lililonse. Sindinkafunika kunama. Ndinkangofunika kuchita chinthu chimene ndimachidziwa kuposa wina aliyense: kuweramitsa mutu n'kukhala chete. Adadi akanamva zimene ankafuna kumva. Galasi likanatsika, fungo la mankhwala likanatha, ndipo mwina adadi akanayamba kumandiyang'ana chonchi masiku onse.

Ndinaweramitsadi mutu. Ndipo poweramapo ndinaona madzi aja atafika pa silipasi zanga, akuda, ozizira. Ndinaganiza za bala lija, loyera, laliwisi, lili m'kati mwa matope. Ndikakhala chete, ndiye kuti adadi achita bwino kubzala. Sindikanamuzulanso iwo ali pompo, ndipo akabwera amakhala masiku angapo. Akanamamuthirira m'mawa uliwonse, mwachikondi, akundimwetulira, mpaka atasungunuka.

"Ndine," ndinatero.

"Ati?"

"Ndine ndinazula, adadi."

Ndinagwada, n'kulowetsa manja m'matope muja, n'kumutulutsa. Anatuluka ndi kaphokoso ngati phazi lochoka m'thope.

"Iwe! Ukutani? Wapenga?"

"Amawola, adadi. Ndinadula zowola. Amafunika aume kaye, akakhala m'madzi afa. Amayi anati..." Ndinaona nkhope yawo ikusintha nditatchula amayi, koma ndinapitiriza. "Anawola chifukwa anti ankathiramo madzi a saluni. Tsiku lililonse. Mabeseni."

Ndinkaganiza kuti mawu amenewa agwira ntchito. Ndinali nditawayeserera kubafa kambirimbiri. Koma anti anali atapeza kale mpweya.

"Hede! Mwamva nonse? Ndine ndinazula, adadi!" Ananditsanzira ndi kamawu ka m'mphuno, akuomba m'manja. "Ndiye mlandu wanga ndi woti ndinkathirira duwa? Kuthirira? Nanga inu bambo mwangochita chiyani apa? Si ndowa yathunthu mwakhuthulayi? Ngati kuthirira ndi ufiti, ndiye tonse ndife afiti, tiyeni tilongedze limodzi!"

Mayi wa mutu wa mbali imodzi uja analephera kudzigwira, anaseka n'kubisa nkhope m'thaulo.

Adadi anayang'ana ndowa imene inali m'dzanja lawo, n'kuiika pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana malaya awo. Anayang'ana kugeti, kumene ana a aneba anali atadzaza mitu. Atabwerera kwa ine, kufewa kuja kunali kutapita.

"Ndiye ine ndakhala ndikubwebweta ngati wamisala pamaso pa anthu chifukwa cha zamasamba zakozi? Foni uli nayo. Mayi ako umawaimbira, ine ayi?"

"Pepani, adadi."

"Chotsa zimenezi pakhonde pano. Ndisazionenso."

Analowa m'nyumba. Anti anawatsatira, akulira tsopano, kulira kokweza kofuna kuti aliyense amve: anyozedwa, atukwanidwa pamaso pa makasitomala, chifukwa cha kamwana kachiphamaso kooneka ngati sikapha ntchentche. Ndinamva adadi akupepesa. Ankapepesa ndi mawu otsika, awo enieni aja.

Mayi wa pagolosale anandiyang'ana ndili chigwadire, matope mpaka m'zigongono. "Iwenso mwanawe," anatero motsitsa, "ukanangokhala chete." Sindikudziwa ngati ankandimvera chisoni kapena ankandiona kupusa.

Alovera uja ndinamutsuka matope pampopi mofulumira, n'kumupukuta ndi siketi yanga yakale ya yunifolomu. Ndinasenganso pang'ono pabala paja. Kenako ndinamuika m'katoni pamwamba pa kabati ya m'chipinda changa, pamene sipafika dzuwa, beseni, ngakhale chifundo cha munthu.

Adadi sanandilankhule masiku onse amene anakhala. Patebulo ankapempha mchere kwa anti ngakhale uli pafupi ndi ine. Tsiku lonyamuka ndinamva galimoto ikulira, pofika pageti n'kuti atakhota kale. Chowumitsira tsitsi chinaikidwa pakona paja tsiku lomwelo. Anti anapeza nkhani yatsopano yosangalatsira makasitomala, ndipo aliyense wobwera ankaimva, ndi mawu anga a m'mphuno omwe. Dzina la Pulofesa linatha. Tsopano ndine Ndine-ndinazula.

Bala linauma, linachita khungu lolimba lotuwa ngati chipsera. Masamba anaphwa pang'ono, ndipo ndinkaopa kuti ndachedwa, koma pakati panali pobiriwirabe. Ndinatsuka chitini, ndinawonjezera mabowo, ndinachikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba pansi pa windo langa, kutali ndi ngalande. Ndinasakaniza mchenga wa amisiri uja ndi dothi louma pang'ono, n'kumukhazika pamwamba, n'kumuchirikiza ndi timiyala kuti asagwe. Sindinathire ngakhale dontho. Zimenezi zinandivuta kuposa zonse. Ukamuona munthu wako ali ndi ludzu, dzanja limapita lokha kukapu.

Masabata anapita. Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza bwino ndithu, anti anati mwina oyang'anira mayeso anagona. Tsiku lina masana anti anabwera kuseri akuthamanga, sizasi m'manja. Pabalaza panali munthu akubuula, mankhwala aja anali atachitanso zawo.

"Iwe, zinthu zako zija zili kuti? Dula limodzi, changu."

Ndinaima pakati pa iwo ndi chitini.

"Ayi."

"Wati chiyani?"

"Sanagwire. Mukadula afa. Mumutsuke ndi madzi ozizira ambiri munthuyo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinkadikira mbama. Anangotsonya, kutsonya kwautali, n'kunena kuti mtima wanga ndi woipa ngati wa amene anandibereka, n'kubwerera. Madzulo ake chakudya changa ndinachipeza chosavindikira, ntchentche zitayamba kale.

M'mawa mwake ndinagwada pachitini paja. Pakati penipeni panali kansonga katsopano, kobiriwira mowala, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinachotsa timiyala tija. Sanagwe. Ndinamugwira m'munsi n'kukoka pang'ono, pang'ono kwambiri, ndipo ndinamva akukana. Pansi panali chinachake chogwira.

Ndinawaimbira amayi pomwepo, manja akadali ndi mchenga.

"Amayi, wagwira."

"Ndani?"

"Alovera."

"Oo." Makina ankalira kumbuyo kwawo. "Wachita bwino, mwanawe. Ndikuimbira ndikaweruka."

Sanaimbe tsiku limenelo. Ndinakhala pa njerwa kwa kanthawi foni ili pamiyendo, ndikumva anti akuseka ndi makasitomala kumaso. Kenako ndinalowetsa chala m'dothi. Chinatuluka chouma mpaka kumapeto. Ndinakatunga madzi m'kapu yanga yomwera, n'kuthira theka m'mbali mwa chitini, kutali ndi tsinde. Otsalawo ndinamwa.